Madzi Amene Achule Anawakana

Nkhaniyi inayambira ku saluni, kumene zimayambira nkhani zonse za mumsewu mwathu. Akuti a kampani ya mgodi akubweranso. Osati kudzatsegula mgodi ayi, umenewo unatsekedwa chaka chatha ndipo pageti pamera udzu wofika m'chiuno. Akuti akubwera kudzakamba za madzi aja, chifukwa anthu ena a timabotolo anawayeza n'kupeza kuti ndi oipa. Ndipo akuti dzina la amene anatimwetsa madziwo alipeza kale.

Ine miseche ndimaikonda, sindibisa. Sukulu ndinasiyira panjira koma makutu anga anapitiriza okha mpaka kumaliza. Tsiku limenelo ndinali pansi, mutu uli pakati pa mawondo a Anti a saluni, akundiluka tsitsi. Kunalowa mayi wina wogulitsa makala, ndipo asanakhale n'komwe pansi anayamba.

"Asisi, mwamva za a Mawawa? Akuti awamanga. Ana onsewa zilonda zija n'chifukwa cha iwo."

Anti anakoka tsitsi langa mwamphamvu ngati akukoka buleki. "Za makala tiuzeni, akwera kapena atsika?"

Mayi uja anawerama n'kundiona nkhope. Anatuluka osatsanzika. A Mawawa ndi bambo anga. Ndipo ndinadziwa pompo kuti Anti nkhaniyo sanaimve koyamba, chifukwa nkhani imene Anti sanaimvepo amasiya chipeso n'kuomba m'manja.

Dikirani ndikuuzeni za dzinali. Mgodi uli moyo, malole akuluakulu onyamula miyala ankadutsa mumsewu mwathu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Fumbi lake silinali lamasewera. Ukayanika zovala zoyera, unkaanula zofiira. Ukaseka pafupi ndi msewu, mano ankachita tseketseke. Ndiye kampani inali ndi galimoto ya thanki yothira madzi mumsewu kuti fumbi ligone, ndipo woyendetsa anali Ababa. Kumbuyo kwa thankiyo kunali paipi yobooka timabowo, madzi ankatuluka ngati mvula ya mawawa. Dzina linachokera pamenepo. Ngakhale Amayi akakwiya ankati, "A Mawawa inu, nsapato zamatope m'nyumba mwanga?"

Madziwo ankawatunga m'chidzenje chachikulu cha mgodi, kumene anakumba mpaka madzi kutuluka okha pansi. Ababa akamalowa mumsewu mwathu ankaliza hutala mwa kanyimbo kawokawo, ndipo ana tonse tinkatuluka m'nyumba ngati nyerere zaona shuga. Tinkathamangira kumbuyo kwa galimoto, madiresi anyowe, tsitsi linyowe. Dzuwa likakhala kumbuyo kwako unkaona utawaleza waung'ono ukuyenda ndi thanki. Fungo la dothi lonyowa lija mpaka lero ndikalimva ndimakumbukira masiku amenewo. Ine ndinkayenda mapewa m'mwamba. Ana ena bambo awo ankalowa m'mgodi osaoneka, koma anga ankabweretsa mvula mwezi uliwonse wa chaka.

Kenako zitsime zinayamba kuuma. Chathu chinauma, cha a telala chinauma, mpopi wa pamphambano unkangotulutsa mphepo ngati munthu wa chifuwa. Akuluakulu ankati chidzenje chikamapita pansi, madzi athu akuchitsatira. Azimayi ankayenda mtunda wautali kupita kumtsinje, kubwera ndi ndowa imodzi ya madzi amatope momwe muli timbululu.

Tsiku lina Anti a saluni anaima pakati pa msewu ndi ndowa pamutu, khanda kumsana. Galimoto inaima.

"Achimwene, msewu ukumwa, ife tikungoonerera?"

"Mlongo, anandiuza kuti madziwa ndi a msewu basi," anatero Ababa, mutu uli pawindo.

"Msewuwo uli ndi mwana?"

Ababa anazimitsa injini. Kenako anatsika. Pambali pa thanki panali mpopi wa chogwirira chofiira. Anautsegula, kutchera dzanja, kumwa iwo choyamba. Anapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Bweretsani ndowa." Iwo ankaganiza kuti lamulo lija linali umbombo chabe wa mabwana, poti mabwanawo ankatseka ndi loko ngakhale sopo wa kuchimbudzi.

Kuyambira pamenepo hutala ikalira, sitinkatuluka ana okha. Mzere wa ndowa, mabeseni, zigubu, mpaka mapoto. Ndipo madziwo, abale, anali okongola. Oyera ngati galasi, ukawathira m'ndowa yoyera ankaoneka obiriwira pang'ono ngati kumwamba. Ukawasunga mu mgolo mwezi wathunthu sankamera ndere, sankachita mphutsi za udzudzu. Azimayi ankachita kunyadira. "Madzi a mabwana awa, mulibe ndi kachilombo komwe. Ku chidzenje kuja simungamveko ndi chule yemwe." Amayi ankati zovala zikuyera mosavuta. Ankawawirako pang'ono kulilime ngati wanyambita khobidi, koma tinkati ndi mmene amakomera madzi aukhondo. Madzi a kumtsinje aja tinayamba kuwanyoza, kumati ndi a ng'ombe.

Masiku amenewo nyumba yathu sinkasowa alendo. Wina abwere ndi mazira, wina ndi tomato. A telala anasokera Ababa malaya ulere. Kamlongo kanga kotsiriza, kamene timangokatchula kuti Chitsi, kanabadwa nthawi imeneyo, ndipo kanasambira madzi amenewo tsiku loyamba lomwe.

Zilonda zinayamba pang'onopang'ono. Kuyabwa m'miyendo, khungu kusuwa, ana ena m'mimba osatha. Mano a Chitsi atamera anatuluka ndi madontho ofiirira ngati wadya dothi. Ena ankati ndi fumbi, ena ankati ndi sopo watsopano, ena ankaloza nyumba ya gogo wina wosalakwa. Madzi palibe anawaganizira. Ungaganizire bwanji chinthu choyera chonchija?

Mgodi utatsekedwa, galimoto ija anaisiya mkati mwa geti, matayala anaphwa. Ababa anayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anthu ankadutsabe n'kukuwa kuti, "A Mawawa, mvula lero kulibe?" Iwo n'kuseka. Koma mphekesera ija itangofalikira, moni anachepa. Njinga zinasiya kubwera. Ababa analowetsa zitsulo zawo m'nyumba, n'kumakhala kuchipinda chitseko chotseka masana onse. Tsiku lina ndinawapeza atamukhazika Chitsi pamwendo, atamutsegula kukamwa, akungoyang'ana mano aja. Atandiona ananamizira kuti akumuchotsa kanthu.

"Musapite ku msonkhanowo," anatero Amayi kwa Ababa m'mawa wa tsiku limene a kampani anaitanitsa anthu, akusita malaya omwe aja a telala. "Pitani kwa achimwene anu mukakhale kaye kumeneko."

"Ndiye malayawo ukusitiranji?"

"Ndikusita chifukwa ndikukudziwani."

Msonkhano unachitikira mu kantini yakale ya mgodi. Mabenchi omwe aja, fani yakufa ili lende kudenga, pakhoma chithunzi chofwifwa cha munthu wovala chipewa cholimba akumwetulira. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Ine ndinapanikizika kutsogolo, poti nkhani yomva kwa ena imafika itatha mchere. Ababa anakhala pabenchi la kumapeto, ndipo malo a pambali pawo palibe anakhalapo.

Wa kampani anali mayi wamng'ono thupi wa magalasi, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi lathu. Sanali wamwano ayi. Anafotokoza kuti miyala ya pansi ikakhudzana ndi madzi ndi mpweya imatulutsa zinthu zowononga thupi, ndipo madzi a m'chidzenje adzaza zimenezo.

"Koma ndi oyera, mayi," anatero a telala. "Mulibe ndi kachilombo komwe."

"Bambo, vuto lake ndi limenelo. Achule anawakana, udzudzu unawakana. Madzi amene chamoyo chilichonse chikuwathawa si aukhondo, ndi akufa."

Ndinaona Amayi akuyang'ana manja awo. Zaka zonsezo chimene tinkachitamanda ndi chomwecho chinkatichenjeza.

Mayi uja anakonza magalasi. Anati kampani inali ndi lamulo loti madzi amenewo ndi a msewu okha, ndiye akufuna adziwe kuti anafika bwanji m'makapu a anthu. Sanatchule dzina, koma makosi onse anatembenukira kumbuyo. Ababa anaimirira, chipewa m'manja.

"Ndine. Ndinkatsegula ndine. Lamulo anandiuza, chifukwa chake sanandiuze. Mwana wanga nayenso wamwa."

Kumbuyo wina anang'ung'udza kuti, "Mwamva, wavomera yekha." Kenako ndinamva benchi likukwekwesa pansi. Anti a saluni, amene pakamwa pawo panadutsa mphekesera yonseyi, anaimirira ndi mwana wawo wa zipsera m'miyendo.

"Mayi, lembani bwino. Galimoto siinaime yokha. Ndinaimitsa ndine, ndi ndowa pamutu, ameneyu ali kumsana. Masabata awa ndalankhula zambiri za achimwenewa, poti mwana akamalira usiku umafuna munthu woti umukwiyire, ndipo kampani ilibe khomo loti ukagogode. Koma ndifunse. Ine ndinali ndi chitsime kuseri kwa saluni. Madzi ake anapita kuti?"

"Chathunso," anatero a telala.

"Chathunso," anatero mayi wa makala uja, amene anati Ababa awamanga. Manyazi alibe mayi ameneyo.

Anti sanathere pomwepo. Analoza a Kapitawo, amene ankayang'anira madalaivala onse, atakhala pafupi ndi khomo ngati munthu woti athawe mvula ikayamba. "Ndipo a Kapitawo musabise nkhope. Lamulolo munkalidziwa bwino, nanga migolo ya kwanu inkadzaza ndi chiyani Loweruka lililonse? Misozi?"

Anthu anaseka, kuseka kowawa koma kuseka ndithu. A Kapitawo anakanda m'mutu mopanda tsitsi. "Zoona, ndinkawatuma a Mawawa kukandithirira. Ku ofesi ankadziwanso. Anati bola anthu asamabwere kudzachita phokoso pageti za zitsime."

Mayi wa magalasi anasiya kulemba. Anayang'ana a Kapitawo, anayang'ana Ababa amene anali chiimire. Kenako anati, "Bambo, khalani pansi. Nkhaniyi si yanu nokha." Koma Ababa asanakhale, a telala anali atasuntha kale kukakhala pa malo opanda munthu aja.

Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Chidzenje anachizunguliza waya ndi zikwangwani za chigaza, koma kuchikwirira akuti mpaka akambirane ndi akuluakulu a kutali. Kunabwera anamwino kudzayeza ana, ena anapatsidwa mankhwala, ena akudikirabe. Pamphambano anaika thanki yaikulu yakuda, ndipo galimoto ina imabwera kudzathiramo madzi abwino ochokera kutali. Dalaivala wake ndi mnyamata wosaseka, wa timawaya m'makutu. Saliza hutala. Amangothira n'kumapita, ana osadziwa n'komwe kuti kwabwera galimoto. Paipi yeniyeni akuti ikubwera. Mawu akuti "ikubwera" tawamva mpaka Chitsi amawaimba ngati nyimbo.

Amayi masiku ano akatunga madzi amasuzumira mu mgolo, akaona kandere kobiriwira m'mbali amamwetulira. Zinthu zinatembenuka.

Ababa anatulutsanso zitsulo pansi pa mango, ndipo njinga zinabwerera. Anti anabweretsa yawo imene inalibe vuto lililonse, n'kuumirira kuti tcheni chikulira. Anthu ayambanso kukuwa kuti "A Mawawa!" Ababa amakweza dzanja, koma saseka ngati kale. Mano a Chitsi sanayere. Anamwino anati mwina achiwiri adzamera bwino, ndiye Ababa amamugwedeza dzino lakutsogolo tsiku ndi tsiku kuona ngati layamba kugwedera.

Dzulo ndinadutsa pageti la mgodi. Galimoto ija ikadali pomwepo, yachita dzimbiri, mpopi wofiira uja wina anaugulula. Ndinaima n'kutseka maso, ndipo ndikulumbira ndinamva kanyimbo ka hutala, phokoso la mapazi athu m'matope, Ababa akutikuwira pawindo kuti tisayandikire matayala. Ndimadziwa tsopano chimene chinali m'madzi amene ankatinyowetsa aja. Komabe masiku amenewo ndimawasowa, ndipo sindidziwa ngati ndi tchimo.

Ku saluni nkhaniyi inatha, pano akukamba za mwana wa a Kapitawo amene akuti wathawa ndi wowotcherera zitsulo, koma imeneyo ndi ina. Ine chimene chimandizungulirabe m'mutu ndi tsiku loyamba lija. Inuyo mukanakhala pa chiwongolero, kumbuyo kwanu thanki yodzaza madzi oyera ngati galasi, kutsogolo mayi wa ndowa youma ndi khanda kumsana, mukanaliza hutala n'kudutsa?