Chiwala m'kandege ka amalume

Ndinalota ndili m'botolo la pulasitiki, amalume akulitembenuza pa mbaula. Umu ndi momwe amapangira tizivindikiro toonekera ta tindege tawo toseweretsa: amalowetsa chikombole chamtengo m'botolo, n'kuliwamba mpaka likwinyike n'kuchikumbatira. Koma m'malotomo chikombolecho ndinali ine. Pulasitiki inandigwira mphuno, yofunda ngati chikhatho cha munthu. Tiinjini takale timene amatolera n'kusunga m'zitini tinatuluka tikulira ngati udzudzu, tikununkha mafuta a nsatsi. Kenako chiwala chovala tayi chinandifunsa kuti, "Bwana, mpweya tiupeza kuti?"

Ndinadzuka thukuta lili kamukamu, poti chiwalacho ndinkachidziwa. Dzulo lake ndinachilowetsa mobisa pampando wa pailoti m'kandege kena, amalume atatsala pang'ono kumata chivindikiro. Chikanafera momwemo akanamatula ntchito yonse, ndipo lonjezo lawo loti Loweruka ndidzaliza ndekha kainjini kakale kwambiri likanathera pomwepo.

Ndinawapeza pakhonde akusuzumira m'kandegeko. Chiwala chinali chamoyo, chikupukuta nyanga zake mwamatama.

"Mphwanga," anatero, "pailoti wakoyu anaphunzira kuti?"

"Kudimba, amalume. Pa nkhani youluka amatiposa tonse."

Anaseka mpaka kutsokomola. Mwamwayi anali atamata mbali imodzi yokha, ndiye anangotukula chivindikiro, pailoti n'kudumphira m'maluwa osatsanzika.

"Loweruka usachedwe, chigawenga iwe."

Kaya malotowo ankandichenjeza, kaya chinali chiwala chikupereka madandaulo, sindikudziwa. Chomwe ndatolapo n'chakuti pailoti wotsatira ndidzamuboolera kazenera.