Maso pa Zala za Bambo

Dokotala sanazungulire. Chotupa cha pakholingo chichotsedwa Lachisanu la sabata yamawa, ndipo mawu a bambo apita nacho limodzi. Mzime anawerenga masiku ali m'khonde la chipatala momwemo. Analipo asanu ndi anayi.

Bambo akewo anakonza makina osokera zaka makumi anayi m'kachipinda kapakati pa telala ndi wometa tsitsi, koma kulemba kwawo kunkathera pa kusaina dzina. Zonse zinali m'mutu. Mzime, mwana wawo womaliza, ndiye ankalandira shopuyo, chonsecho zimene ankadziwa zinali zapamwambamwamba: kuthira mafuta, kusintha singano, kusekerera makasitomala. Zala za bambo zikanatsala, inde, koma zala sizinena chifukwa chake. Mantha anamugwira Mzime kuti nzeru zonsezo zitsekeka m'khosi iye akuyang'ana.

Anabwera ndi laputopu, n'kulemba mitu inayi: singano, bobini, lamba, ulusi. Koma ndani anauza bambo kuti nkhani imayenda pamzere? Ankayamba za singano, pakati n'kukumbukira za lamba, asanamalize n'kulumphira pa bobini ya makina a mayi wina amene anamwalira kalekale. Mzime ankagwira mausi kufunafuna mutu woyenera, maso pasikirini. Pomadzutsa mutu, kasikuluwu kapotokoledwa kale.

"Waona?"

"Sindinaone, Bambo."

"Ndiye ndikuphunzitsa iwe kapena chiwailesi chakocho?"

Kubwereza sankabwereza. Kukhosi kunkawawa, ndiponso kuyambira kale sanali munthu wonena chinthu kawiri. Masiku atatu anapita choncho.

Tsiku lachinayi masana kunabwera mlamu wake wa Mzime, mwamuna wa achemwali ake, kudzasiya mankhwala. Mlamuyu amagwira ntchito ya makompyuta, ndipo ali ndi matenda ofuna kuphunzitsa aliyense amene wayima pafupi. Anaonerera pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Alamu, mausiwa ndi amene akukuberani maso."

"Ndiye ndilembe ndi mphuno?"

Mlamuyo anamuikira pulogalamu ina yolembera, yakuda bii, yopanda kabatani kokongola ngakhale kamodzi. Anati ili ndi makhalidwe awiri. Pena imalemba chilichonse chimene wadina. Ukadina batani lapakona kumanzere imasiya kulemba, imayamba kumvera: chilembo chilichonse chimasanduka lamulo, ichi chofufuta mzere, icho cholumpha, chinacho chobweza zimene walakwitsa.

"Ngati kachitsulo kobwezera m'mbuyo pamakina anuwa," anatero. "Phazi likupalasa chimodzimodzi, koma nsalu ikupita kwina."

Anaika chizindikiro pamutu uliwonse, s pa singano, b pa bobini, l pa lamba, u pa ulusi. Kulumphira pamutu kunali kudina mabatani atatu, lachinayi n'kutsegula mzere woti alembepo. Maso osafunika.

Mawa lake Mzime anakhala moyang'anizana ndi bambo, laputopu pamiyendo. Bambo anavula lamba wa makina akale, n'kufotokoza bwinobwino mmene amadziwira kuti wakhwepa asanamugwire n'komwe. Mzime analemba osaphethira, zala zikuthamanga, akudzitama mumtima. Kenako anayang'ana pasikirini. Anaiwala kutsegula mzere wolembapo. Mawu onse aja pulogalamu inawamva ngati malamulo, ndipo inawamveradi mokhulupirika: mizere ina yafufutika, ina yabwerezedwa kasanu, singano yalowa m'kati mwa bobini.

Anaimbira mlamu uja ali panja, misozi ili m'maso.

"Alamu, chinthu chanu chija chadya ntchito yanga!"

"Dinani pakona, kenako u. Dinanibe mpaka zibwerere."

Zakale zinabwereradi zonse. Koma za lamba panalibe chobweza, poti sizinalembedwe n'komwe. Mzime anakhala pasitepe akufuna kuiponya laputopuyo mumsewu. Ali pomwepo anazindikira chinthu chachilendo: ankakumbukira. Chala chachikulu cha bambo chikukanikiza lamba pakati, mutu atapendeketsa kumvetsera kulira kwa gudumu, zonsezo anaziona ndi maso ake koyamba. Analowa, n'kulemba yekha ndime yonseyo, n'kuwawerengera.

Bambo anamvetsera nkhope ili gwa. "Wasiya zoti uyambe wapukuta mafuta," anatero. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira.

Kuyambira pamenepo Mzime anazolowetsa zala. M'mawa asanatsegule shopu ankayatsa wailesi n'kumalemba zonena za muulutsi, maso ali pakhoma, kulumpha mitu mwadala. Chala chaching'ono chakumanzere, chimene moyo wake wonse chinali mlendo pantchito, chinaphunzira kuthamangira pakona chokha akangomaliza chiganizo. Telala woyandikana naye anasuzumira n'kufunsa ngati akupemphera.

Pofika Lachiwiri bambo anayamba kumuyesa dala. Ankalumpha nkhani kuposa kale, singano, ulusi, bobini, singanonso, akumuyang'ana m'maso kuti aone ngati agwetse nkhope. Sanagwetse. Zala zinkalira pansipo, maso ali pa sikuludiraiva. Ndiye mkuluyo anamasuka. Anatulutsa zimene sanauzepo munthu: mmene amasunthira shatulo, kachitsulo kokola ulusi pansi pa singano, pang'ono ngati kukhuthala kwa tsitsi kuti makina asiye kudumpha ulusi, ndi kulira kwa makina odwala, kumene ankakuyerekeza ndi pakamwa mpaka kutsokomola. Mitu inayi ija inabala ina khumi ndi iwiri. Nkhani ikakhala pamalo olakwika, Mzime ankainyamula ndi mabatani awiri n'kukaitula kwawo, bambo asanamalize kumwa madzi.

Lachinayi cha m'ma leveni, bambo anatsegula makina a kasitomala amene ankadumpha ulusi, n'kukankhira sikuludiraiva kwa iye. Mzime anawerenga mizere isanu pansi pa mutu wa shatulo, anamasula, anasuntha, anamanga. Anapalasa. Msoko unatuluka woongoka kuyambira kumayambiriro kwa nsalu mpaka kumapeto, osadumpha ngakhale pamodzi. Anakuwa mpaka wometa tsitsi anatulukira ndi lumo m'manja.

"Bambo, china?" anafunsa, zala zili kale pamabatani.

Mkuluyo anayang'ana mashelefu, makina ndi makina, milomo ikuyenda ngati akuwerenga ana. Anafikanso poyambira paja.

"Ndatha," anatero ndi mawu osasa. "Mulibenso kanthu m'mutu muno. Zonse zili kwa iwe."

Mzime anamva chimwemwe chachikulu. Anapambana, ndipo dzuwa linali lisanapendeke.

Bambo anatambasula dzanja, n'kutseka laputopu ija pang'onopang'ono.

"Mawu atsalawa si olemba, mwanawe. Sendera kuno. Ndikuuze mmene amayi ako anandikanira katatu."