Wailesi Itazima Masana

Linali Lamulungu masana, chaka cha 1957, anthu atangobwera kutchalitchi. Banja lonse linali patsinde pa mtengo wa mango likusenda nandolo, ndipo pampando pankaimba wailesi yooneka ngati sefuliya. Mwini wake, a Wadson, ankanyamula makalata a lamya pa siteshoni ya sitima ku Balaka, ndipo anali atafika m'mawa womwewo atatha milungu itatu osaponda pakhomo. Mlongo wawo wamkulu, a Anastasia, anali atabwera kudzacheza kuchokera kwa Kawinga.

Dorica, mkazi wa a Wadson, anaona fumbi pa wailesiyo, naipukuta ndi nsonga ya nsalu yake. Nyimbo ya ku Lusaka inaimba pang'ono, kenaka n'kuyamba kuzilala, mpaka zii. Kunangotsala kaphokoso konga mvula yowaza pa denga la udzu.

A Wadson anapotokola apa ndi apo. Palibe.

"Batire n'latsopano, eti?" anafunsa a Anastasia.

"Latsopano, achemwali."

"Ndiye si batire iyayi. Mowa umasasa, mbiya imang'aluka pamoto, wotentha akaikhudza. Nanga kachinthu kosakhwima aka kangapirire?"

Aliyense pamenepo ankadziwa kuti wotentha ndi munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi chaposachedwa. A Anastasia anatembenukira Dorica, akumwetulira.

"Mwamuna kunalibe milungu itatu. Moto umenewu wachokera kuti, alamu?"

Manja a Dorica anaima m'lichero. Anayang'ana mwamuna wake, amene anakhala naye zaka khumi, kuti aseke kapena akalipe.

"Bambo a Lena, mukumva zimenezi?"

"Ndikumva," anatero a Wadson, maso ali pa iye. "Yankhani."

Dorica anadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Patapita ngati ola, nyimbo inabwerera yokha, ndipo anamva a Anastasia akuomba m'manja. "Mwaona! Wachokapo, yayamba!" Atatero anakaona anthu oyandikana nawo.

Dzuwa litapendeka, panaima njinga ya a Mohamedi, kalaliki wa lamya ku siteshoni kuja. Anapempha madzi, ndipo Dorica anawagwadira ndi chikho.

"Yanunso inazima masana, a Wadson?" anafunsa a Mohamedi akupukuta pakamwa. "Ndi zija ndinakuuzani Lachitatu, itazima ya a bwana athu ku siteshoni. Chaka chino dzuwa lili ndi mawanga. Akuti mphamvu za m'menemo zimapotana ngati chingwe mpaka kuthetheka moto, ndipo motowo umasokoneza kumwamba kumene kumadutsa mawu. Wailesi zimazima zonse, dziko lonse, kenaka n'kuyambanso. Paja munaseka, kuti dzuwa nalonso limadwala chikuku!"

Anaseka okha, nabweza chikho, nakwera njinga.

Dorica anakhala chigwadire.

"Munkadziwa," anatero motsitsa.

A Wadson anakanda kumutu. "Kukumbuka ndinakumbuka."

"Ndiye munangokhala chete?"

"Ndimafuna ndione nkhope yanu. Munthu ukakhala kutali umamva zambiri."

"Mwaiona?"

"Ndaiona. Basi, zatha."

"Sizinathe. Alamu apita nazo nyumba zitatu pofika pano. Akabwera muwauze zimene anena a Mohamedi, ine ndili pompano."

"Ndi akulu aja, mayi a Lena. Ndingawachititse manyazi bwanji pamudzi pa eni? Ndiwauza mawa panjira."

A Anastasia atabwera, a Wadson anawafunsa za ukalamba wa amalume awo, za mpunga wa ku Chilwa, za mbuzi. Dorica anadikira mpaka mbale zitatsukidwa.

M'mawa mwake onse awiri ananyamuka, wina wa ku siteshoni, wina wa kwa Kawinga. Dorica anawaperekeza mpaka pachitsime, atasenza mtsuko. Amayi amene anali pamenepo anasiya kucheza atamuona, ndipo mmodzi anasendeza mtsuko wake kuti usagundane ndi wa Dorica. A Wadson anaziona. Anakonza mtolo wa mlongo wawo paphewa, nati, "Tiyeni achemwali, sitima sidikira."

Dorica anaimika mtsuko wake pambali, nadikira kuti onse atunge kaye.