Chikhomo cha Pachitunda

Bambo anga ndi munthu wokanika. Ndikunena ndine mwana wawo, ndipo kukanikako ndinayamwira komweko. Amayi atatisiya mu Juni, thupi lawo tinalitentha monga anafunira eni ake. Phulusa anati tidzalikwirire pachitunda cha kuseri kwa khola lometera nkhosa, n'kudzalapo bulugamu. Nkhani yosavuta. Koma Seputembala anafika phulusalo likadali m'kabokosi pamwamba pa filiji, pambali pa chitini cha mabisiketi.

"Pachitunda ayi," Bambo ankatero pa foni. "Pamenepo m'panjanji. Ukufuna amako aziwaponda sitima?"

Njanji yake iti, abale? Pachitundapo pali chikhomo chimodzi chathabwa basi. Anakhoma ndi anthu oyeza malo mu 1989, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kutamveka kuti kubwera sitima yaliwiro yochoka ku Sydney n'kukafika ku Melbourne m'maola atatu. Anayeza, anamwa tiyi wa Amayi, anamaliza masikono onse, n'kupita osabweranso. Zikhomo zina chiswe chinadya, zina nkhosa zinagwetsa podzikanda. Chimodzichi Bambo amachipaka penti yoyera chaka ndi chaka. Mzere wonse wa zikhomowo, kuchokera pa mpanda wa aneba athu a Pietsch mpaka kumsewu, sanadzalepo tirigu kapena kanola, mbewu ya mafuta ophikira ija. Amangotchetcha udzu ngati bwalo la mpira.

Chondipweteka n'chakuti ntchito yanga ndi yomweyo. Ndili mu ofesi ina ku Sydney imene imafufuza ngati sitima yotere ingatheke, ndipo gawo langa ndi kuwerengera anthu amene angamaikwere. Malipoti atatu ndalembako. Zisankho zikayandikira amatikumbukira, zikadutsa lipoti limakagona m'kabati. Bambo akandifunsa kuti zikuyenda bwanji, ndinkangoti, "Zikuyenda, Bambo." Zaka ndi zaka, bodza lomwelo.

Ndiye ndinatenga tchuthi n'kukwera sitima yathu yakale ija, imene imaima kwathu ku Henty pokhapokha wina atanena kuti atsikirapo. Maola asanu ndi awiri, kambande ka bulugamu kali m'chidebe pakati pa miyendo. Sitima yomweyi ndi imene ndinakwera mu Juni, ndipo ndinafika Amayi atamaliza kale. Njira yonse ndinkayang'ana panja kuti ndisaganize zimenezo.

Bambo anali pa siteshoni ndi pikiapu yawo, galu wawo Socks ali kumbuyo. Anali atawonda, kolala ya malaya ikuwakhwepa.

"Narelle, iwe! Mtengo kuchokera ku Sydney? Kuno mitengo yatha?"

"Wa kuno mukanaubisa."

"Walipiranso tikiti yake?"

"Bambo, tsegulani chitseko, ndatopa."

Kunyumba tinadya nyama ya nkhosa ya dzulo ndi buledi. Kapu ya Amayi inali pa mbedza yake, yopukutidwa bwino. Nditamaliza tiyi ndinaimirira, n'kutsitsa kabokosi pa filiji.

"Ukupita nawo kuti amako?"

"Kukawongola miyendo. Miyezi itatu akumva filiji ikulira. Tiyeni."

Anang'ung'udza, koma chipewa anavala. Khasu ndi fosholo ndinaponya m'pikiapu iwo akuona. Kanola anali atachita maluwa, chikasu chokhachokha mbali zonse, kusiya mzere wobiriwira uja umene unakwera chitunda molunjika. Pamwamba pake m'pamene Amayi ankakhala ndi fulasiki ya tiyi nthawi yometa nkhosa, kudikira kuti Bambo atuluke m'khola. Ankati pamenepo pokha m'pamene munthu samva fungo la ubweya.

Tinatsika. Bambo anagwira chikhomo chawo pamutu ngati akupatsa moni mwana.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Tiwaike kumunsi uko, pafupi ndi damu. N'pabwinonso."

"Padamu pali udzudzu. Amayi anati pano."

"Amako sankadziwa za njanji. Kodi pa anthu ako owerengawo, ine unandiwerengera?"

"Munthu mmodzi, woti sapita kulikonse."

"Ikadzabwera ndizidzapita."

Apa mtima wanga unalephera kupirira. Ndinaika kabokosi pa boneti.

"Bambo, mverani. Sitimayo simudzaiona. Mwina ngakhale ine sindidzaiona. Anthu ali kumapeto awiriwo, pakati pano pali inu ndi nkhosa. Ofuna changu akwera ndege. Kungotuluka mu Sydney mokha n'kuboola miyala mtunda wosaneneka, ndipo palibe boma limene limakhala nthawi yokwanira kuti limalize. Ndiyeno ikadzabwera, kuno siidzaima. Imathamanga chifukwa malo ngati Henty imawadumpha. Mudzangomva mphepo, chipewa n'kugwa. Ndakhala ndikukunamizani, zikuyenda, zikuyenda. Palibe chikuyenda!"

Ndinadikira kuti nkhope yawo igwe. Zaka zonsezi chimene ndinkaopa n'chimenecho. Koma iwo anangokanda Socks kukhutu, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Wamaliza?"

"Ndamaliza."

"Kodi iwe umandiyesa chitsiru? Malipoti ako onse atatu ali m'kabati ya mbale. Ndinawerenga tsamba ndi tsamba. Amako ankagona pa tsamba lachiwiri, ine ndinkafika mpaka ku manambala ako akumapeto. Kuti siima kuno ndinadziwa usanamalize sukulu."

Asa!

"Nanga mumatchetcheranji? Zaka makumi atatu ndi zisanu, Bambo! Tirigu yense akanamera apa!"

"Tabwera kuno. Gwada."

Ndinagwada kuseri kwa chikhomo, mbali imene sindinayang'aneko chikulireni. Penti inali paliponse kupatula kachigawo kamodzi, komwe burashi inkazungulira mosamala. Pathabwa lotuwa panali zilembo zokanda ndi msomali, zopotoka: NAREL. Ndinakanda ndine ndili mwana, malo n'kundithera.

"Tsiku limene anthu aja anachoka," Bambo anatero, "unaima pamenepa ndi nsapato zamphira za amako, zokufika m'mawondo. Unandiloza chala. Unati, 'Bambo, musadzalepo kanthu apa. Ndidzadutsa ndi sitima yanga, ndipo ndidzakuimbirani belu.' Ndinati chabwino, bwana. Ndiye unapita kusukulu, unapita ku Sydney, n'kukalowadi ntchito yomweyo. Ine ndikanalima bwanji? Ukanabwera pa Khirisimasi n'kupeza tirigu, ukanati Bambo anditaya, aona kuti ntchito yanga ndi yamasewera."

Za nsapatozo sindinkakumbukira n'komwe. Ndinakhala pansi pa udzu wawo wotchetchawo n'kulira ngati mwana, mayi wamkulu wa imvi zake. Socks anabwera kudzandinyambita khutu.

"Ine ndinkaopa kukuswani mtima," ndinatero.

"Nanenso ndinkaopa kuswa wako. Ha! Ndiye takhala tikunyamulana ngati mazira. Amako ankanena. Ankati anthu awiri inu mudzandipha ndi ulemu."

Anakhala pansi nawonso, pang'onopang'ono, bondo likulira. Mphepo inkagwedeza kanola. Kenako ndinanena chimene ndinali nditasunga mumtima kuyambira Juni.

"Sitima yaliwiroyo ikanakhalapo, Amayi ndikanawapeza amoyo."

"Mwina."

"Ola limodzi lokha, Bambo. Ndinachedwa ndi ola limodzi."

"Tamvera, mwana wanga. Tsiku lija amako anandifunsa kuti mwana ali pati. Ndinayang'ana wotchi, ndinati pano wadutsa siteshoni ya Cootamundra. Anamwetulira. Anati, 'Ali m'njira. Musamuimbire, angadere nkhawa, msiyeni aone nkhosa pawindo.' Basi anatseka maso. Sanapite akudikira sitima yaliwiro amako. Anapita akudziwa kuti wakwera imene ilipo."

Ndinatsamira paphewa pawo. Malaya awo ankanunkha dizilo ndi sopo wa Amayi. Ndinawakonda bambo amenewa pa nthawi imeneyo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo ndinawauza. Anatsokomola n'kunena kuti dzuwa likupita.

"Ndiye bwana akuti bwanji?" anafunsa. "Lamulo munaika ndinu. Ine ndine wantchito chabe."

Ndinapukuta mphuno, n'kuimirira.

"Bwana akuti dzalani."

Chikhomocho ndinazula ndekha. Chinakanirira, ndinachigwedeza uku ndi uku mpaka chinatuluka, kunsi kwake kuli kwakuda koma kolimba. Pomwe chinali m'pamene tinakumba, ine ndi khasu, Bambo ndi fosholo, akundinena kuti ku Sydney ndinaiwala kugwira mpini. Dzenje litakwana anavula chipewa. Anatsegula kabokosi ndi mpeni wawo wa m'thumba, anagwada, n'kuthira phulusa pang'onopang'ono, dzanja lina likutchinga mphepo.

"Pepa Noreen, ndakuchedwetsa," anatero. "Ukundidziwa."

Tinaika kambande, tinakwirira, tinathira madzi a m'chigubu. Kamtengoko kanali kowonda, mphepo ya pachitunda inkakapinda mpaka pansi. Bambo anayang'ana uku ndi uku kufuna chochirikizira, ndipo maso awo anagwera pa chikhomo chili gone pa udzu. Anachitola, anachikhoma pambali pa mtengo ndi msana wa fosholo, zilembo zija zikuyang'ana kunyumba. Anatulutsa chingwe chomangira udzu m'thumba n'kumanga mfundo yofewa, yoti isapweteke khungwa.

"Mawa tidzazinge waya, nkhosa zingadye amako," anatero. "Ubwerera liti?"

"Lamlungu. Koma mwezi wamawa ndibweranso. Ndiziwauza aime ku Henty mpaka atope nane."

"Maola asanu ndi awiri?"

"Ndiziona nkhosa pawindo."

Ananyamula fosholo, n'kuima kuyang'ana mzere wawo wobiriwira, kuchokera pa mpanda wa a Pietsch mpaka kumsewu. Ndinaona kuti pali kanthu kakuwavutabe.

"Komatu Narelle, tinene kuti mwalakwitsa manambala. Tinene kuti tsiku lina yabweradi. Paja lipoti lako lija linati sitima yaliwiro sikhota msanga."

"Idzakhota, Bambo."

"Iwe, ingakhote bwanji?"

"Amayi munawaonapo akupatukira munthu?"

Bambo anaseka mpaka kugwira bondo, misozi ikutsika m'makwinya, ndipo sanaipukute. Anavala chipewa, anawerama n'kuyesa mfundo ija ndi chala ngati yagwira.

"Wamva, Noreen? Khala pomwepo. Mwana akuti sitima idzakulambalala."