Buku m'Jeke ya Fodya

Galimoto itakhota pa mtengo wa mbawa, buku lomwe tinkawerenga linali lidakali m'manja mwanga, chala chili pamene ndinalekezera. Tinali m'chigafa, ine ndi mnzanga Elube, tikumanga ndindi za fodya uku tikuwerenga mosinthana. Abambo anali pa jeke yodindira mabelo, akuyala fodya woti adinde belo lomaliza.

"Perpetua," anatero osacheuka, "buku ilo lisaoneke."

Sindinaganize. Ndinalisomeka pakati pa fodya m'jekemo, n'kukwirira ndi ndindi zingapo. Nditadzutsa mutu ndinapeza nkhope ya abambo itagwa, ndipo ndinadziwa kuti ndapalamula. Belo likasokedwa amalembapo nambala ya mlimi, ndipo ku okushoni amaling'amba anthu akuona. Kunali ngati kuliika bukulo mu envelopu yolembedwa kale dzina lathu.

Munali mu 1984, kwathu ku Lisasadzi, m'boma la Kasungu. Abambo, a Lameki Mbewe, anali atachotsedwa uphunzitsi wa kusekondale chifukwa cha funso lina lomwe anafunsa m'kalasi, choncho anabwerera kudzalima pa kaesiteti kathu. Ine ndi Elube mayina athu sanatuluke pa osankhidwira kusekondale, ndiye abambo anati atiphunzitsa okha pakhomo mpaka tikalembe mayeso a Fomu 4. Masamu ndi Chingerezi zinkayenda monga mwa masiku onse. Koma mbiri yakale ankaiphunzitsa mwawomwawo.

"Madeti a m'mbiri ndi mafupa chabe," ankatero. "Amakhuta mafupa ndi galu."

Ankatipatsa mabuku a nkhani zopeka. Tikamaliza mutu umodzi, funso lawo linali lomwelo: "Walima ndani? Wadya ndani?" Tikayankha m'pamene ankatsegula buku la silabasi kuti tidzionere tokha ukapolo ndi thangata. Sitinkaiwala. Ukamulirira munthu wa m'nkhani, chaka chomwe anagulitsidwa sichikuchoka m'mutu.

Buku la tsiku limenelo linalibe chikuto. Analikuta ndi pepala la thumba la simenti. Linkanena za mfumu yokalamba ya dziko lakutali, yomwe inalanda minda ya anthu n'kumawalamula kuti aziivinira. Linali loletsedwa, ndipo masiku amenewo anthu ankatengedwa osabwerako pa zifukwa zochepera pamenepo.

M'galimotomo munatsika anthu awiri. Woyamba anali bwana wina wochokera kuboma, wovala suti dzuwa lili phwee. Wachiwiri anali a Kalekeni, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu, amenenso anali bambo ake a Elube.

"Tamva kuti pano pali sukulu," anatero bwanayo.

"Ndi ana awiri okha, bwana. Ndikuwakonzekeretsa mayeso."

"Tamvanso kuti pamaphunziridwa za mafumu okalamba."

Elube anazyolika. Apo ndinazindikira kuti nkhani ija ankakaifotokoza kwawo, ndipo makutu ena anali ataitola. Ndinadana naye nthawi yomweyo, chidani chenicheni, moti ndinasuntha kuti phewa langa lisakhudze lake.

Anayamba ndi m'nyumba. Anagudubuza matiresi, anakhuthula sutikesi ya amayi, anafika mpaka m'nkhokwe. Anangopeza Baibulo, buku la nyimbo ndi mabuku a silabasi. Kenako anabwerera kuchigafa. Bwanayo atangoponda pakhomo, fumbi la fodya linamulowa m'mphuno, n'kuyetsemula katatu. Anabwerera m'mbuyo atatseka pamphuno ndi kansalu.

"A tcheya, onani ndinu m'menemo."

A Kalekeni analowa. Anasuzumira m'mikangala, anatembenuza ziguduli, n'kufika pa jeke. Mlimi wa fodya sadutsa pa fodya wa mnzake osamukhudza. Dzanja limangopita lokha. Anapinda malaya, n'kupisa mkono mpaka m'chigongono.

Mkonowo unaima.

Abambo anali atagwira chitsulo cha jeke. A Kalekeni sanatiyang'ane ife. Anayang'ana mwana wawo, nthawi yaitali ndithu, ndipo Elube misozi inali ikudontha pa ndindi yomwe anagwira.

Anatulutsa dzanja pang'onopang'ono. Munali tsamba limodzi la fodya. Analifinya, n'kulinunkhiza.

"Aphunzitsi, choko mumachidziwa, koma fodya ayi," anatero mokweza kuti wapakhomo uja amve. "Uyu ali ndi chinyezi. Mukadinda chonchi akafika ku okushoni atachita nkhungu, nambala yanu n'kuipa. Mumutulutse yense, mumuyanikenso. Lero lomwe."

"Ndamva, a tcheya," anayankha abambo.

Fodyayo analibe vuto lililonse. Mwana aliyense wa ku Kasungu akanadziwa pongomva kulira kwa tsambalo. Koma bwana uja sanali wa fodya; ankangofuna kuchoka pa fumbipo.

"Mulibe kanthu?" anafunsa bwanayo.

"Fodya yekhayekha, bwana. Woipa."

Galimoto itazimiririka, abambo anakhala pansi padothi, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita. Amayi anati bukulo liponyedwe pamoto. Abambo anangolisolola m'jekemo n'kulifumbata pachifuwa.

M'mawa mwake sindinkayembekezera kuti Elube abwera, ndipo kunena zoona sindinkamufunanso. Koma mame asanaume anatulukira pa mbawa paja, kope lili m'khwapa. Anagwada patali ndi abambo.

"Abambo akuti ndifunse ngati fodya uja wauma."

"Ukawauze kuti wauma," anayankha abambo anga. "Ukatinso zikomo."

Elube sanadzuke. Ankakanda dothi ndi pensulo.

"Akutinso..." anayambanso. "Akuti mfumu ija, anthu anaitani pamapeto pake? Ndinawasiyira panjira."

Abambo anayang'ana kumsewu kumene galimoto inalowera dzulo lake. Kenako anapisa m'malaya n'kutulutsa buku lija, likununkha fodya lonse. Linatseguka lokha pamene kachidutswa ka tsamba la fodya kanakanirira pakati pa masamba ake. Anakachotsa ndi chikhadabo, n'kupereka bukulo kwa Elube.

"Werenga," anatero. "Pang'onopang'ono, kuti ukafotokoze bwino."