Zotchinga Zatsika Masana

"Amayi, mukufuna mupse ngati buledi?" anakalipa Marrit atangolowa.

Anawapeza amayi ake, mayi Aukje, atakhala pazenera, thukuta lili kamukamu, mapazi ali m'beseni la madzi. Nyumba yatsopanoyi anaimanga kuti isamataye kutentha, ndipo m'nyengo yachisanu ankaitama. Koma abale, mu Julaye, pachimake pa chilimwe cha dziko lino, inalibe chisoni! Dzuwa likalowa pagalasi lalikululo silinkatulukanso.

"Batani ndi ili. Mukadina, zotchinga dzuwa zakunja kwa mazenera zimatsika zokha. Chovuta n'chiyani?"

"Iwe, kumudzi kwathu nyumba ikatseka mazenera masana ndiye kuti muli maliro. Bambo ako ali m'chipatala, akupuma. Ndiwalosere imfa ine?"

"Zachikale izo! Taonani msewu wonsewu, aliyense watseka."

"Mwina anafadi onse. Unawamvapo akupereka moni?"

Marrit anaseka mosafuna. Mayi Aukje sanaseke. Mtima unali kunyumba yawo yakale kumudzi, m'chigawo cha Friesland, kumene amuna awo, bambo Douwe, ankadulira mitengo iwiri yapakhomo chaka ndi chaka. Chilimwe inkapereka mthunzi, chisanu n'kuyoyola masamba kuti dzuwa lilowe, popanda wodina batani. Anasamukako chifukwa miyendo ya bambowo inakana masitepe. Ankaisowa nyumba ija koopsa.

"Amayi, wakutsina khutu ndi mnansi," anatero Marrit motsitsa mawu. "Adokotala akuti mtima wa bambo sungapirire kutentha kotere. Muno mukapanda kuzizira, Lachisanu sabwera kuno. Awapititsa kosungira okalamba."

Mayi Aukje anachotsa miyendo m'beseni. Kenako anapukuta mapazi, n'kudina okha batani lija. Zotchinga zinatsika pang'onopang'ono, m'nyumba mdima bii.

Marrit atabwerera kuntchito, iwo anatereka khofi n'kutulutsa makapu anayi. Kumudzi, zotchinga zikatsika chonchi, madzi asanawire n'komwe aneba amakhala afika pakhomo, chipewa kumanja, kudzafunsa kuti kwagwanji. Yankho anali atalikonza kale: "Ayi, musadandaule, ndi dzuwa chabe. A Douwe akubwera Lachisanu."

Anakhala moyang'ana chitseko. Njinga zinkadutsa, galimoto ina inaima n'kunyamukanso. M'nyumba munayambadi kuzizira, khofi nayenso anazizira.

Dzuwa litapendeka anabweza makapu atatu m'kabati. Palibe anagogoda.