Wadya kwa Ndani?

Mpando unaphonya mutu wa a Watson pang'ono chabe, n'kukaswa galasi la kabati. Mbale za ukwati wa a Lois zinagwa phwaa! Kebby sanadikire kuti zithe kugwa. Anawalumphira bambo ake aang'onowo, n'kuwagwira tayi, chibakera chili kale pakamwa.

"Bwerezani! Bwerezaninso zimene mwanenazo!"

"Kebby, asiye!" anakuwa mayi ake, a Lois. "Bambo ako ali ku mochale, iwe ukufuna maliro ena m'nyumba muno?"

A Gerard, tcheya wa gulu la Amalawi, anamukoka mnyamatayo m'chiuno, koma nawonso analandira chigongono cha pamphuno. Pamene ankamuchotsa, mlomo wa a Watson unali utang'ambika, magazi akudonthera pa malaya oyera.

Mawu omwe anayatsa motowo sanali achipongwe ayi. A Watson, jaji wa khothi lalikulu kumudzi, anali atafika ku Lucan, dera la ku Dublin, kudzatenga thupi la achimwene awo, a Fredson. Anati majaji anzawo adzaima pamzere atavala mikanjo, malemuwo adzaikidwe mwaulemu woyenera munthu wa malamulo.

Ulemu! Mawu amenewo ndi omwe anamupenga Kebby. Bambo ake anali majisitireti, ndipo dzina lawo linkamveka pa mpando wa ujaji. Koma iwo, pakamwa posatseka paja, anayamba kunena poyera kuti jaji asamasankhidwe pa foni ya akuluakulu a chipani. Ankati mpando uzilengezedwa, oufuna azifunsidwa mafunso anthu akumva. Anyamata a chipani anawadikirira pa geti, n'kuwaponda zala za dzanja lamanja ndi majombo mpaka zinathyoka. Anathawira ku Dublin, nakalamba akusambitsa nkhalamba za eni ku keya, kunyumba zosungira okalamba. Mpando uja anakhalapo ndi mng'ono wawo.

"Mukufuna mukasambe m'manja ndi mtembo wa adadi!" anakuwa Kebby. "Saikidwa kwanuko. Aikidwa konkuno!"

A Watson anapukuta mlomo ndi kansalu. Ujaji sunawathere, ngakhale dzino linali kugwedera.

"Alamu, mwana uyu sindilimbana naye. Nkhaniyi atiweruze munthu wapadera. A Gerard ali pano, ndi mkulu wa Amalawi onse."

A Gerard anakonza jekete, nakhosomola, okonzeka kale.

A Lois anawayang'ana kuyambira kunsapato. "A tcheya, pepani. Mwadya kwa ndani?"

Funso limenelo aliyense ankalidziwa mwini wake. Ana akakangana, banja likavuta ku Crumlin, wina akatchula woti aweruze, a Fredson ankayamba ndi lomwelo.

"Aaa, mayi, ine ndangowalandira ku eyapoti basi."

"Ndipo akugona kwanu ku Swords. Mpunga wa Kilombero ndi chambo chouma anabwera nazo zija zili m'khitchini mwa ndani?"

A Gerard anayang'ana mbale zosweka pansi.

"Eya!" anatero Kebby. "Tiitane Fada Thomas. Iwo aja ankawadziwa adadi."

"Fada Thomas amadya pano Lamulungu lililonse. Nawonso ayi."

"Amayi! Muli mbali iti kodi?"

"Ukuganiza kuti bambo ako anathyoledwa zala kuti iwe uzisankha jaji wako? Ndiwe chitsiru, Kebby. Wamenya m'bale wawo pa maliro awo, wandichititsa manyazi."

Kebby anamenya chitseko ndi chibakera mpaka thabwa linalowa m'kati. Kenako anakhala pansi, dzanja likutupa, akulira ngati kamwana. Ankaopa, ndipo mantha akewo anali oona: pa mwambo, mawu a kuchimuna ndi olemera, ndipo thupilo likanyamuka, mayi ake sadzaona manda a mwamuna wawo kawirikawiri.

A Lois analowa m'khitchini, nabwerako ndi fulasiki yakale yobiriwira, yophwanyika m'mbali. Anaiika patebulo, pamaso pa a Watson.

"Achimwene anu akaitanidwa kukaweruza nkhani ya anthu, ankanyamula iyi. Tiyi wa eni nyumba sankamwa, ngakhale madzi. Anthu ankawanena kuti ndi odzikonda." Anakankhira fulasikiyo patsogolo. "Jaji m'nyumba muno ndi inu, alamu. Ana a achimwene anu ndi awa, mkazi wawo ndine. Yankhani funso lawo lija tonse tikumva, kenako gamulani. Chimene munene ndichita."

"Amayi, mwapenga?" Kebby anadzuka, koma mlongo wake Luso, yemwe anali pakona nthawi yonseyi, anamugwira malaya.

A Watson anaitenga fulasikiyo. Pa chivindikiro panali pokulungidwa mphira wa chubu cha njinga, wakuda, wothetheka.

"Nanga mphirayu ngwa chiyani?"

Luso anayankha m'Chichewa chake chopindika cha ana a kuno. "Zala zawo sizimagwira. Amatsegula ndi apa." Anaonetsa chikhatho, n'kuchipotoza pang'onopang'ono m'malere.

A Watson anaika chikhatho chawo pamphirapo. Anayesa kupotoza osagwiritsa zala. Chivindikiro chinakana. Anayesanso, nkhope itachita makwinya, dontho la magazi n'kugwera patebulo. Chinakanabe.

Anaibweza fulasikiyo mwaulemu, ndi manja awiri.

"Alamu, nkhani iyi ine sindingaweruze." Mawu anatuluka movutikira pa mlomo wotupawo. "Ndinadya."

Palibe anafunsa kuti kwa ndani.

"Aikeni pomwe mukufuna inu. Ngati mundilola, ndinyamula nawo bokosi. Mkanjo ndausiya kumudzi."

A Lois anauza Luso kuti abweretse madzi ofunda ndi mchere, natuma Kebby kuti awapukute yekha bambo ake aang'ono pakamwa. Mnyamatayo anachita ndi dzanja lake lotupalo.

A Gerard anatola tsache n'kuyamba kusesa magalasi, osatumidwa.

A Lois anatenga fulasiki ija, naitsegula ndi chikhatho kamodzi kokha, monga ankaonera tsiku ndi tsiku. Munali mutatsala tiyi wozizira, wopanda shuga. Anamukhuthulira mu sinki, natsuka bwinobwino, n'kukaiika pa shelefu ya pakhomo, pafupi ndi makiyi, pomwe mwini wake ankaitengera potuluka.